Galimoto Ikamanjenjemera ndi Kugogoda: Kodi Mounting Yathadi?

Galimoto ikayamba kunjenjemera itaima, kapena ikamati "gu!" dalaivala akangolowetsa giya, mawu oyamba kumveka pa galaja amakhala akuti, "Bwana, mounting yatha imeneyi." Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma si zachilendo kuti mwini galimoto agule mounting yatsopano, amakaniko aimange, galimoto n'kumanjenjemerabe ngati kale. Ndiye funso lili patatu. Kodi mounting yathadi? Ngati yatha, ndi iti mwa ma mounting atatu kapena anayi a m'galimotomo? Nanga chaipha n'chiyani? Yankho silipezeka pongomvetsera phokoso. Limapezeka poona mmene injini ikusunthira ikapatsidwa ntchito, komanso pochotsa kaye matenda ena amene amaoneka mofanana.

Ntchito ya mounting

Injini ndi giyabokosi zimalumikizidwa ndi mabawuti n'kukhala chinthu chimodzi, cholemera makilogalamu oposa 100 ngakhale m'galimoto yaing'ono ngati Vitz. Chinthu chimenechi sichikhudzana ndi thupi la galimoto chitsulo kwa chitsulo. Pakati pamakhala mounting: zitsulo ziwiri, china chogwira injini, china chogwira thupi, zolumikizidwa ndi labala wochindikala amene anamatidwa pa zitsulozo ku fakitale. Ili ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko.

Ntchito zake ndi zitatu, ndipo zimakokana. Yoyamba ndi kusenza kulemera kwa injini. Yachiwiri ndi kumeza kunjenjemera. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa mafuta kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ngati ikuzungulira ka 750 pa mphindi galimoto itaima, ndiye kuti ikugunda ka 25 pa sekondi iliyonse, ndipo kuti kugundako kusafike pa mpando ndi pa chiwongolero, labala ayenera kukhala wofewa. Yachitatu ndi kugwira injini kuti isatembenuke, chifukwa injini ikamakankha matayala kuti azungulire mbali imodzi, iyo yokha imafuna kuzungulira mbali inayo. Apa labala ayenera kukhala wolimba. Wopanga galimoto amasankha pakatikati mogwirizana ndi injini yakeyo. N'chifukwa chake mounting ya galimoto ina, ngakhale mabowo atagwirizana, imatha kulephera ntchito pa galimoto ina.

Kakhalidwe ka ma mounting kamatengera mmene injini inaikidwira. M'galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, monga Vitz, Passo, Fit, Note, Demio ndi Sienta, injini imakhala chopingasa. Ma mounting awiri a m'mbali, ina ku injini ina ku giyabokosi, ndi amene amasenza kulemera. Pansi pamakhala ina, kapena awiri, yoletsa injini kupendekera kutsogolo ndi kumbuyo. Nthawi zambiri imakhala kandodo kachitsulo kokhala ndi mabushi kunsonga zonse ziwiri, kotchedwa torque rod. Kameneka kamavutika kwambiri, chifukwa m'galimoto zotere difu ili m'kati mwa giyabokosi momwemo. Mwachitsanzo, ngati giya yoyamba imachulukitsa mphamvu yopotokola ka 3.5 ndipo difu imachulukitsanso ka 4, ma mounting amalimbana ndi mphamvu yoposa ya injini ka 14. Mu Hilux, Hiace ndi Land Cruiser injini imakhala mulitali. Ma mounting awiri amakhala m'mbali mwa injini, ina pansi pa giyabokosi, ndipo injini imapendekera kumanzere ndi kumanja.

Kumene zinachokera

Galimoto zambiri zoyambirira injini zake zinkamangidwa pa chasisi ndi mabawuti basi, okwera n'kumangopirira. Mu 1931 kampani ya Chrysler ya ku America inatulutsa galimoto za Plymouth zokhala ndi njira imene inatchedwa Floating Power, ndipo katswiri amene amatchulidwa pa ntchitoyi ndi Owen Skelton. Injini inakhazikidwa pa ma mounting awiri a labala, ina m'mwamba kutsogolo, ina m'munsi kumbuyo, mwakuti inkatha kupendekera pang'ono uku ndi uku popanda kugwedeza thupi lonse. Citroën ya ku France inagula chilolezo n'kuyamba kugwiritsa ntchito njirayi mu 1932.

Kuopsa kwa mounting yoduka kunaonekera poyera mu 1971, pamene General Motors inaitanitsa galimoto za Chevrolet pafupifupi 6.7 miliyoni, zambiri zopangidwa pakati pa 1965 ndi 1969. Labala akalekana ndi chitsulo, injini ya V8 inkadzuka mbali imodzi n'kukoka zitsulo zolumikiza chipondero cha moto, galimoto n'kuyamba kuthamanga yokha. Kampaniyo inamanga zingwe zachitsulo zoletsa injini kudzuka. Ma mounting ambiri a masiku ano amapangidwa ndi zitsulo zokolana, kuti labala akaduka injini isachoke pamalo pake. Zimenezi n'zabwino pa chitetezo, koma zimavutitsa woyeza: mounting yodukiratu ikhoza kuoneka yabwinobwino injini itangoikhalira.

Kuyambira cha m'ma 1980 kunafala ma mounting okhala ndi madzi apadera m'kati, otchedwa hydraulic. Amakhala ndi zipinda ziwiri zolumikizidwa ndi kanjira kakang'ono. Galimoto ikamenya dzenje, madziwo amakakamizika kudutsa m'kanjirako, ndipo zimenezi zimaletsa injini kudumpha; pa kunjenjemera kwakung'ono, mounting imakhalabe yofewa. Pambuyo pake panabwera ena oyendetsedwa ndi vacuum kapena kompyuta ya galimoto, monga amene Honda imaika pa injini zake za V6 zozimitsa masilinda ena poyenda. Oterewa amatha kulephera ntchito labala ali bwino, chifukwa cha kapaipi kong'ambika kapena waya woduka.

Chimene chimapha mounting

Labala amakalamba ngakhale galimoto itangokhala pansi pa mtengo. Kutentha kwa m'kati mwa boneti ndi mpweya zimamuumitsa pang'onopang'ono mpaka achite ming'alu. Kulemera kwa injini nako kumamufinya usana ndi usiku, ndipo pakapita zaka sabwereranso pa msinkhu wake. Mounting imatitimira, mpata umene unali pakati pa zitsulo n'kutha, kunjenjemera n'kumadutsa mosavuta.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ogula galimoto zakale zochokera ku Japan. Galimoto ikhoza kulowa pa chipata cha Songwe ikuonetsa makilomita ochepa, koma labala wake ali ndi zaka khumi kapena kuposa. Kumene inachokera inkayenda pa misewu yosalala, ndiye kufookako sikunkaoneka. Ikangoyenda miyezi ingapo pa maenje, mahampu ndi misewu yafumbi, zonse zimaululika.

Mdani wamkulu kuposa zaka ndi oyilo. Labala wa ma mounting ambiri akanyowa ndi oyilo amafufuma, amafewa, kenako amasiyana ndi chitsulo. Oyilo wodontha kuchokera pa gasiketi ya pamwamba pa injini, pa silu, kapena pa paipi ya power steering akhoza kupha mounting yatsopano isanathe chaka. Kayendetsedwe nako kamathandizira: kunyamuka mwaukali, kusiya kilachi mwadzidzidzi, kulowetsa R galimoto isanaime, ndiponso kusinthasintha D ndi R uku ukuponda moto pofuna kutuluka m'matope nthawi ya dzinja. Pomaliza pali injini yodwala. Silinda imodzi ikamalephera kuyaka bwino, injini imagwedezeka mopitirira, ma mounting n'kutopa msanga. Zikatero mounting yatha ndithu, koma gwero la vuto lili kwina.

Zizindikiro ndi mmene zimanamizira

Mounting yotitimira kapena youma imamveka kwambiri galimoto itaima injini ikulira. Chiwongolero chimanjenjemera, kalilole wa m'kati amagwedera, makobidi a pa dashibodi amalira. Zimakula giya ikakhala pa D phazi lili pa buleki, zimakulanso AC ikayatsidwa, koma zimachepa giya ikabwerera pa N kapena dalaivala akaponda moto pang'ono. Vuto lake n'lakuti injini imene ikuzungulira motsika kwambiri, mwina chifukwa throttle body yadetsedwa, imachitanso chimodzimodzi. Chizindikiro chimenechi pachokha si umboni.

Mounting yoduka imagogoda, ndipo kagogodedwe kake kali ndi nthawi yake. Imagunda kamodzi pamene mphamvu ikusintha mbali: pochoka pa P kupita pa D, pochoka pa D kupita pa R, poponda moto mwadzidzidzi kapena pochotsa phazi, poliza injini ndi pozimitsa. Phokoso lobwerezabwereza la pa msewu wa miyala, lomveka ngakhale phazi lisali pa moto, kawirikawiri limachokera ku miyendo ya galimoto.

Funso limene limalekanitsa zambiri ndi ili: kodi kunjenjemera kukutsata liwiro la injini kapena liwiro la galimoto? Ngati kumayamba galimoto ikafika pa makilomita 80 kapena 100 pa ola, mosatengera giya, ndipo kulibe galimoto itaima, woyamba kukayikiridwa ndi tayala lotupa, limu yopindika, kapena matayala osachitidwa balansi. Ngati kumabwera galimoto itaima injini ikafika pa liwiro linalake, nkhani ili pa injini, ma mounting kapena ekizozi.

Pali zizindikiro zina zimene anthu saziganizira, koma n'zodalirika kwambiri. Paipi yofewa ya ekizozi imene imangoduka ikawotchereredwa, paipi ya mpweya yong'ambika pakati pa fyuluta ndi injini, fani yokhula chikuta chake, ndodo ya giya yogwedezeka ukaponda moto, giya yotuluka yokha: zonsezi zimasonyeza kuti injini ikuyenda mtunda woposa umene inapatsidwa.

Injini zina zimanjenjemera mwachibadwa. Ya masilinda atatu, monga 1KR-FE ya mu Vitz ndi Passo kapena tiinjini ta Mira ndi Alto, singakhale phee ngati ya masilinda sikisi, ndipo ya dizilo imagunda mwamphamvu kuposa ya petulo. Munthu wochoka pa Corolla kupita pa Passo akhoza kumafunafuna matenda amene kulibe. Kuyerekeza ndi galimoto ina ya mtundu womwewo kumathetsa mkangano.

Kuyeza ndi maso

Injini ikazima ndi kuzizira, woyeza amatenga tochi n'kuyang'ana mounting iliyonse, kuphatikizapo ya pansi imene ambiri amaiiwala. Ya ku giyabokosi nthawi zambiri imabisika pansi pa batire kapena pansi pa bokosi la fyuluta ya mpweya, ndipo pamafunika kumasula zimenezi kaye.

Amafuna kuona ngati pali mng'alu wakuya wodutsa labala yense, ngati labala wasiyana ndi chitsulo m'mphepete, ndi ngati wafufuma n'kumanata ndi oyilo. Pa mounting ya hydraulic amafuna mzere wakuda wa madzi amene anadontha n'kuuma pansi pake. Ikataya madzi yatha, ngakhale labala aoneke bwino. Chizindikiro china chabwino ndi malo onyezimira pa chitsulo, pamene utoto wachoka chifukwa zitsulo ziwiri zakhala zikugundana. Pa torque rod, kachitsulo ka pakati pa bushi kayenera kukhala pakati. Kakatsamira mbali imodzi, timiyendo ta labala tokagwira taduka. Mabawuti nawo ayesedwe ndi sipanala, chifukwa bawuti lomasuka limagogoda ndendende ngati mounting yoduka, ndipo kulimanga sikufuna ndalama.

Kuyeza injini ikugwira ntchito

Mayeso amenewa ndi amene amapereka umboni weniweni, komanso ndi amene angavulaze munthu. Pamafunika anthu awiri ndi malo athyathyathya opanda chilichonse kutsogolo ndi kumbuyo. Matayala atsekerezedwe ndi miyala kapena matabwa, handibuleki ikokedwe, boneti itsegulidwe. Woyang'ana aime pambali pa galimoto, osati kutsogolo kwake, manja ndi zovala zili kutali ndi malamba ndi fani.

Dalaivala amaponda buleki mwamphamvu ndi phazi lamanzere, n'kulowetsa D, kenako n'kuponda moto pang'ono kwa masekondi awiri kapena atatu okha. Amabwereza pa R. Kuchita nthawi yaitali kumatenthetsa oyilo wa giyabokosi, ndipo giyabokosi ya CVT siifuna nkhanza zotere; pa iyo kungosintha pakati pa D ndi R, ndi kukhudza moto pang'ono chabe, n'kokwanira. Pa galimoto ya kilachi, dalaivala amalowetsa giya yoyamba n'kusiya kilachi pang'onopang'ono mpaka iyambe kugwira, kenako n'kupondanso. Njira yosaopsa kwambiri ndi kuzimitsa injini, kusiya galimoto m'giya, kumasula handibuleki, anthu n'kumaikankha kutsogolo ndi kumbuyo.

Injini ya ma mounting abwino imapendekera pang'ono, n'kuima mofewa, n'kubwerera mwakachetechete. Ya mounting yoduka imadumpha, imagunda, ndipo ikabwerera imagundanso. D ndi R zimakoka ma mounting osiyana, choncho injini yodumpha pa R yokha yaloza kale kumene kuli vuto. Foni imathandiza pano: kuijambulitsa kanema itatsamira pafupi ndi mounting imene siioneka bwino, n'kuonera pang'onopang'ono pambuyo pake, kumaonetsa mpata ukutseguka ndi kutseka.

Mayeso otsatira ndi a jeke. Injini itazima, jeke amaikidwa pansi pa injini kapena giyabokosi, thabwa lochindikala lili pakati, n'kukweza pang'ono kwambiri mpaka kulemera kuchoke pa mounting. Labala woduka amene anabisika amayasama. Ena amalizanso injini jeke atagwira choncho: kunjenjemera kwa m'kati kukachepa kwambiri, ndiye kuti mounting ya mbali imeneyo inatitimira. Jeke wopanda thabwa amaphwanya sampu ya aluminiyamu kapena kupinda yachitsulo mpaka kutseka potengera oyilo, ndipo zimenezi n'zodula kuposa mounting. Munthu asalowe pansi pa galimoto yogwiridwa ndi jeke yekha.

Matenda ena ovala nkhope yomweyo

Mounting isanaweruzidwe, injini iyenera kutsimikizidwa kuti ikuyaka bwino. Mapulagi otha, koyilo yofooka kapena injector yotsekeka zimagwedeza injini yeniyeniyo, ndipo zimaoneka ndi maso boneti ikatsegulidwa. Kusiyana kwake ndi uku: pa mounting yotitimira injini imalira mosalala koma thupi limanjenjemera, pamene pa silinda yosayaka injini imatsimphina ndipo kulira kwa ku ekizozi kumadukaduka. Makina owerengera kompyuta ya galimoto akaonetsa P0300, kapena P0301 mpaka P0304, ayambe akonza zimenezo.

Ekizozi yokhudza thupi chifukwa timalabala toikoleka taduka imabweretsa kunjenjemera kofanana kwambiri. CV joint ya m'kati ikatha, galimoto imagwedezeka poponda moto ikuyenda n'kusiya phazi likachoka. Mabushi a control arm amagogoda ponyamuka ndi poima. Kilachi yonyowa ndi oyilo imanjenjemeretsa galimoto ponyamuka, ngakhale mounting yofooka imakulitsa zimenezi. Pa Hilux ndi Hiace, ma universal joint a propshaft amagunda posintha giya mofanana ndi mounting ya giyabokosi.

Pamene amakaniko sagwirizana

Zina n'zodziwika ndipo palibe amatsutsa. Mounting yolekana ndi chitsulo, yotaya madzi kapena yotitimira mpaka zitsulo kukhudzana iyenera kuchotsedwa. Mkangano uli pa zotsalazi.

Woyamba ndi wa timing'alu ta pamwamba. Ena akangotiona amati mounting yatha. Koma labala aliyense wokalamba amachita timing'alu totere, ndipo ngati sititseguka injini ikapatsidwa ntchito, mounting ikhoza kutumikirabe. Umboni wa kusuntha uli pamwamba pa umboni wa maonekedwe.

Wachiwiri ndi wa zaka. Ena amatchula zisanu, ena khumi. Opanga galimoto ambiri saika nthawi yosinthira ma mounting monga amachitira ndi oyilo kapena lamba wa timing, chifukwa moyo wake umadalira kutentha, msewu, oyilo wodontha ndi phazi la dalaivala. Chimodzimodzi ndi funso lakuti injini iyenera kusuntha masentimita angati: galimoto zimasiyana, ndipo chodalirika ndi kasunthidwe, kofewa kapena kodumpha.

Wachitatu ndi wakuti asinthe imodzi kapena onse. Oti onse amanena kuti ma mounting ndi a msinkhu umodzi, ndipo ina ikaduka anzake amakhala atasenza katundu wake. Mfundoyi ndi yomveka, makamaka ngati galimoto yayenda nthawi yaitali ikugogoda. Koma ngati imodzi yaphedwa ndi oyilo wodontha pamalo pake, enawo atayesedwa n'kupezeka bwino, palibe chifukwa chowatayira. Torque rod kawirikawiri imatha yokha msanga ndipo ndi yotsika mtengo.

Mkangano waukulu uli pa chogula. Mounting ya kampani yopanga galimoto ndi yodula. Zotchipa zina, zooneka ngati hydraulic, m'kati mwake ndi labala yekhayekha wolimba, ndipo mwini galimoto amadabwa kuti kugogoda kwatha koma kunjenjemera kwakula. Yochotsa pa galimoto yophwasulidwa ndi yeniyeni, koma labala wake ndi wokalamba ngati amene akuchotsedwayo. Imafunika kuipinda ndi chitsulo n'kuyang'ana ming'alu isanalipiridwe. Palinso odzaza mounting yakale ndi polyurethane kapena zidutswa za tayala. Pa torque rod njirayi imatha kugwira kwa kanthawi. Pa ma mounting osenza injini imalimbitsa mopitirira, kunjenjemera konse n'kulowa m'thupi, ndipo zimene labala akanameza zimakathera pa zitsulo zogwirira ndi mabawuti. Kuwotcherera mounting kuti ikhale chitsulo chokhachokha kumang'amba chitsulo chogwirira kapena thupi la galimoto.

Nanga kuyendabe nayo? Yotitimira chabe imasowetsa mtendere koma ingadikire malipiro a mwezi. Yodukiratu isadikire, chifukwa imakoka mapaipi a ladiyeta, mawaya ndi ma CV joint, ndipo paipi ya madzi ikaduka pa ulendo injini imapsa.

Pomanga yatsopano

Mounting yabwino ikamangidwa molakwika imanjenjemeretsa ngati yakutha. Mabawuti asamangidwe kotheratu injini ili pa jeke. Amangidwe pang'ono, injini itsitsidwe kuti ikhale ndi kulemera kwake konse, igwedezedwe kuti ipeze malo ake, ndiyeno amangidwe mpaka mlingo wake. Akamangidwa injini ili m'mwamba, labala amakhala wopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo sakhalitsa. Podontha oyilo pakonzedwe tsiku lomwelo.

Mwini galimoto, musanalipire, pemphani amakaniko akuonetseni injini ikudumpha pa D kapena pa R, ndipo ntchito ikatha akupatseni mounting yakaleyo muione pamene yaduka. Ngati palibe poduka, potitimira kapena podontha, vuto likadali m'galimoto.